Mbiri ya Konkire Wopepuka: Kuchokera ku Miyala ya Vesuvius Kufika pa Phulusa la Mankhusu

Nyumba isanasenze denga, anthu ndi katundu wawo, imayamba yadzisenza yokha. Konkire wamba, wa simenti, mchenga ndi miyala ya kwale, amalemera makilogalamu pafupifupi 2,400 pa kiyubiki mita imodzi. Kulemera kumeneku kumafuna maziko akuya, zitsulo zochuluka ndi magalimoto ambiri otuta. N'chifukwa chake amisiri akhala akufunafuna njira yopepukitsira konkire kwa zaka pafupifupi 2,000, ndipo njira zimene apeza ndi ziwiri: kulowetsamo mpweya, ndi kusintha chimene amadzazira pakati pa simenti.

Za mpweya zimatchuka chifukwa n'zodabwitsa kuona mwala ukuyandama pamadzi. Koma amene watsata mbiriyi bwino aona kuti nyumba zinalimba kapena kuwonongeka chifukwa cha chodzaziracho. Mtundu uliwonse wa anthu unatola chimene chinali pafupi, makamaka chimene ena anataya, n'kuchithira mu konkire. Ena anapindula nazo kwa mibadwomibadwo. Ena anazilirira patapita zaka 40. Kusiyana kwawo kunagona pa chinthu chimodzi: kuchidziwa bwino chinthucho asanachimangire m'khoma.

Aroma ndi miyala ya m'mapiri ophulika

Ku Rome kuli kachisi wotchedwa Pantheon, amene anamalizidwa cha m'ma 125 AD mu ulamuliro wa mfumu Hadrian. Denga lake ndi lozungulira, lotambalala mamita 43.3, ndipo mulibe chitsulo cholimbitsa ngakhale chimodzi. Mpaka lero palibe denga lina la konkire wopanda zitsulo limene lalipitirira kukula. Amisiri ake sanasakanize konkire mofanana kuyambira pansi mpaka pamwamba. Ku maziko anathira miyala yolemera ya travertine. Pokwera anayamba kuthira zidutswa za njerwa ndi mwala wofewa wa tuff. Pamwamba penipeni, pozungulira chibowo cholowetsa kuwala, anathira miyala yamabowomabowo imene imapangika chiphalaphala cha phiri lophulika chikauma chili ndi mpweya m'kati. Dengalo limapyapyalanso pokwera, kuchoka pa mamita oposa 6 m'munsi kufika pa mita imodzi ndi pang'ono pamwamba.

Ina mwa miyala yopepuka imene amisiri a ku Rome ankagwiritsa ntchito inkachokera ku phiri la Vesuvius, pafupi ndi Naples. Dera lomwelo, ku Pozzuoli, n'kumene kunkachokera phulusa limene Vitruvius analemba za mphamvu yake m'buku la zomangamanga. Phulusali likasakanizidwa ndi laimu ndi madzi limauma n'kukhala mwala, ngakhale pansi pa nyanja. Aroma sankadziwa zimene zimachitika m'kati mwake monga momwe asayansi akudziwira lero, koma anali atayesa phulusa la mtundu umenewu pa madoko, milatho ndi ngalande zamadzi kwa zaka zambiri asanalikweze padenga la kachisi.

M'zaka za m'ma 300 AD amisiri a ku Rome ankakwiriranso mitsuko yopanda kanthu m'madenga a konkire, monga pa manda a Helena, mayi wa mfumu Constantine. Yambiri inali mitsuko imene inabweretsa mafuta a maolivi, yomwe ikanangotayidwa. Mtsuko uliwonse unkasiya mphako ya mpweya m'denga, n'kupulumutsa laimu ndi miyala. Choncho mpweya ndi zotayidwa zinakumana mu konkire kalekale, makina opangira thovu asanaganiziridwe n'komwe.

Zotsala za m'mafakitale ndi m'migodi

Joseph Aspdin wa ku Leeds atalembetsa simenti wa Portland mu 1824, konkire anafalikira pang'onopang'ono mpaka anakhala chomangira cha dziko lonse. Nthawi yomweyo mizinda ya ku Britain ndi America inali itadzaza ndi milu ya phulusa ndi makala opserera ochokera m'ng'anjo za malasha. Omanga anaona kuti zinyalalazi n'zopepuka ndiponso zaulere, ndipo anayamba kuumba nazo mabuloko. Ku America, Francis Straub analembetsa buloko lotere mu 1917. Mabulokowa anamanga nyumba zambiri zotsika mtengo, koma pamene phulusalo linali ndi malasha osapsa bwino kapena sulufule wambiri, makoma ankatupa n'kung'ambika, ndipo zitsulo za m'kati zinkachita dzimbiri.

Ku Cornwall ndi mbali ina ya Devon, kum'mwera chakumadzulo kwa England, anthu anatola miyala yotayidwa pa migodi ya tini ndi mkuwa n'kuumba nayo mabuloko, makamaka pakati pa 1900 ndi 1950. M'miyalayo munali pyrite, imene ikakumana ndi chinyezi imatulutsa asidi wodya simenti. Makoma anayamba kufumbutuka patapita zaka, ndipo mpaka lero mabanki a kumeneko sabwereketsa ndalama zogulira nyumba zina za nthawi imeneyo popanda kuboola khoma n'kukayeza.

Stephen Hayde wa ku Kansas City anatsata njira ina. M'malo motola zotayidwa, anaotcha mwala wa shale mu uvuni wozungulira mpaka unafufuma n'kukhala timiyala topepuka tofanana mphamvu, ndipo analembetsa njirayi mu 1918. Pa nthawiyo nkhondo yoyamba ya dziko lonse inali itasowetsa zitsulo, moti boma la America linalamula kuti zombo zina zipangidwe ndi konkire. Chimodzi mwa izo, Selma, chinalowa m'madzi ku Mobile mu 1919, ndipo chigoba chake chidakaonekabe pafupi ndi Galveston.

Usiku umodzi ku Stockholm

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, dziko la Sweden linali pa vuto la nkhuni ndi malasha otenthetsera nyumba. Boma linafuna makoma osunga kutentha. Matabwa amasunga kutentha koma amapsa ndi kufumbwa, pomwe njerwa ndi konkire zimalimba koma zimazizira. Katswiri wojambula mapulani a nyumba, Johan Axel Eriksson, amene ankagwira ntchito pa sukulu yaukachenjede ya zaumisiri ku Stockholm, ankafufuza chomangira chokhala ndi ubwino wa zonse ziwiri.

Njira yofufumitsa phala la laimu inali ikudziwika kale. Ku America, Aylsworth ndi Dyer anali atalembetsa mu 1914 kuti ufa wa aluminiyamu ukathiridwa mu laimu wonyowa umatulutsa mpweya wa haidrojeni, umene umasiya timabowo tosawerengeka phalalo likamauma. Vuto linali lakuti chotulukacho chinali chofooka ndipo chinkachedwa kulimba. Mu 1923 Eriksson, pofulumira, anaika chimene anasakaniza m'thanki ya nthunzi yotentha ndi yopanikizika n'kuchisiya usiku wonse. M'mawa anapeza chalimba kuposa zonse zimene anayesapo. Kutentha kwa madigiri pafupifupi 180 kumachititsa laimu ndi silika kulumikizana n'kupanga mwala wotchedwa tobermorite, womwe mtundu wake wina asayansi anadzaupezanso mu konkire wa madoko a Aroma. Eriksson analembetsa njirayi mu 1924, ndipo mu 1929 fakitale ya Karl August Carlén ku Yxhult inayamba kugulitsa mabuloko amene anadzatchuka ndi dzina la Ytong.

Chodzazira chake chinali pakhomo pomwepo. M'dera la Närke anthu ankaotcha miyala ya laimu pogwiritsa ntchito alum shale, mwala wakuda wokhala ndi mafuta umene umayaka wokha. Mwalawu ukapsa unkasiya milu ya phulusa lodzaza ndi silika. Chinthu chimodzi chinkapereka moto ndi chodzazira, popanda kugula malasha kunja ngakhale kututa mchenga. Mabulokowo anali otuwa mopita ku buluu, opepuka, ochekeka ndi sowo, osapsa ndi moto, ndipo nyumba zake zinkafunda. Anamanga nawo nyumba zikwi mazana angapo, makamaka nkhondo yachiwiri itatha.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu alum shale wa ku Sweden muli yureniyamu, ndipo pamodzi naye muli radium, imene imatulutsa mpweya wa radon. Mpweyawu suoneka, sununkha, koma ukaunjikana m'chipinda kwa zaka umayambitsa khansa ya m'mapapo. Mu 1956 Bengt Hultqvist anafalitsa zimene anayeza m'nyumba za ku Sweden, ndipo zinaonetsa kuti nyumba za mabuloko amenewa zinali ndi cheza choopsa chochuluka kuposa zinzake. Chenjezoli silinamveke msanga. Mafuta atakwera mtengo mu 1973, anthu anamata ming'alu ndi kuchepetsa mpweya wolowa m'nyumba kuti asunge kutentha, ndipo radon inachulukirachulukira. Mabuloko a alum shale analeka kupangidwa mu 1975, patapita zaka 46 chiyambire. Lero wogula nyumba yakale ku Sweden amafunsa kaye ngati ili ndi konkire wabuluu, ndipo eni nyumba ambiri awononga ndalama kuika makina otulutsa mpweya.

Luso la Eriksson linalibe mlandu. Kampani ya Siporex, imene inayamba ku Sweden komweko m'ma 1930, inkagwiritsa ntchito simenti ndi mchenga wopera, ndipo mabuloko ake analibe vutoli. Josef Hebel anatsegula fakitale yake ku Memmingen m'dziko la Germany mu 1943, nayenso ndi mchenga. Cholakwika chinali chakuti phulusa lija analiyeza mphamvu yokha, osafunsa zina zimene linanyamula.

Thovu lilowa m'malo mwa uvuni

Mabuloko a nthunzi amafuna fakitale yaikulu ndi moto wambiri, ndipo sangathiridwe pamalo omangira. Motero ena anatsata njira yachiwiri: kupanga thovu padera, n'kulisakaniza ndi phala la simenti, madzi ndi chodzazira chosalala. Miyala ya kwale salowetsamo. Kadontho kalikonse ka thovu kamakutidwa ndi phala, ndipo simenti akagwira, pamene panali thovu pamatsala kabowo. Pochulukitsa kapena kuchepetsa thovu, mmisiri amasankha kulemera kumene akufuna, kuyambira makilogalamu 400 mpaka 1,600 pa kiyubiki mita. Wosafika 1,000 amayandama pamadzi.

Mankhwala oyamba a thovu ankapangidwa pophika ziboda, nyanga ndi magazi a ziweto, ndipo amtundu umenewu akadalipo chifukwa thovu lake ndi lolimba. Pambuyo pake kunabwera ena ofanana ndi a mu sopo. Rudolph Valore anasonkhanitsa zimene zinkadziwika za konkire wamabowo m'zolemba zake za 1954 ku America, koma kwa zaka zambiri konkire wa thovu ankangothiridwa pamadenga ndi pansi pa nyumba kuti atchinge kutentha ndi kuzizira. Makina a nthawiyo sankatulutsa thovu lofanana tsiku ndi tsiku.

Makina atawongoleredwa cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, anthu a ku Netherlands, amene dothi lawo ndi lofewa ndipo limatitimira likasenzetsedwa katundu, anayamba kumuthira pansi pa misewu ndi m'maenje. Ku Britain lamulo la 1991 lokhudza okumba misewu linakakamiza makampani a madzi, gasi ndi magetsi kukwirira ngalande zawo mosasiya zigwembe, ndipo konkire wa thovu anavomerezedwa pa ntchitoyi. Amayenda yekha n'kudzaza ngodya iliyonse popanda kusinja, ndipo akafuna kukumbanso savuta. Ntchito yaikulu koposa inachitika ku Combe Down, pafupi ndi Bath, kumene mudzi wa nyumba mazanamazana unakhala pamwamba pa migodi yakale ya miyala imene inatsala pang'ono kugumuka. Pofika 2009 anali atapoperamo konkire wa thovu wokwana makiyubiki mita pafupifupi 600,000, n'kusiya mapanga ena kuti mileme ipitirize kukhalamo.

Chifukwa chake mchenga unayamba kusiyidwa

Mu konkire wamba, mphamvu yambiri imakhala m'miyala. Mu konkire wa thovu, katundu yense amasenzedwa ndi timakoma topyapyala tapakati pa mabowo. Mchenga wokhakhala sukwanamo m'timakoma timeneti. Umaboola thovu, timabowo timaphatikizana n'kukhala mabowo akuluakulu, ndipo nthawi zina mchengawo umamira pansi phala lisanagwire. Chodzazira chikakhala chosalala, mabowo amakhala ang'ono ndi ofanana, konkire n'kulimba. Pali chinanso: mchenga ndi wolemera, choncho pofuna kufika pa kulemera kochepa pamafunika thovu lambiri. Chodzazira chopepukirapo chimafuna thovu locheperapo, ndipo timakoma timanenepa.

Chimene chinakwaniritsa zonsezi ndi phulusa louluka la malasha, limene limakodwa m'machumuni a malo opangira magetsi. Timibulu take ndi tozungulira, tosalala ngati simenti, ndipo monga phulusa la ku Pozzuoli, timalumikizana ndi laimu amene simenti amatulutsa n'kuwonjezera mphamvu pakapita miyezi. Raymond Davis ndi anzake a ku Berkeley analemba za ubwino wake mu konkire wamba mu 1937, ndipo damu la Hungry Horse ku Montana, lomwe linamalizidwa mu 1953, linamangidwa nalo.

Pa konkire wa thovu, umboni wamphamvu unachokera ku South Africa, kumene kampani ya Eskom imatulutsa phulusa loposa matani 30 miliyoni pachaka, lochepa lokha n'kugwira ntchito. Elsabé Kearsley wa ku Yunivesite ya Pretoria, pamodzi ndi P. J. Wainwright wa ku Leeds, anaonetsa mu 2001 kuti phulusa likhoza kulowa m'malo mwa magawo awiri mwa atatu a simenti popanda kutaya mphamvu yoonekera, bola konkireyo apatsidwe nthawi yokhwima. Ku Dundee m'dziko la Scotland, M. R. Jones ndi A. McCarthy anayesa phulusa lokhakhalirapo m'malo mwa mchenga. Ku Chennai m'dziko la India, E. K. K. Nambiar ndi K. Ramamurthy anayerekeza zodzazira zosiyanasiyana mu 2006, ndipo anapeza kuti pa kulemera kofanana, konkire wa phulusa amaposa wa mchenga, ndiponso mchenga wopera umaposa wokhakhala.

Ofufuzawa sanabise zovuta zake. Phulusa losalala limamwa madzi ambiri. Konkire wa thovu amafota kwambiri pouma chifukwa alibe miyala yomugwira, ndipo mchenga ukachotsedwa kufotako kumakula, ming'alu n'kuwonekera. Malasha osapsa otsalira m'phulusa amayamwa mankhwala a thovu, moti thovu limafa konkire asanagwire. Phulusa la malo awiri silifanana, ndipo ngakhale la malo amodzi limasintha malasha akasintha. Ntchito yawo yaikulu inali kuyeza zimenezi ndi kuzilemba poyera, kuti womanga adziwe malire.

Zotsala za m'munda

Nthawi ya phulusa la malasha ikupita kumapeto m'maiko ena. Britain inatseka malo ake omaliza opangira magetsi ndi malasha, Ratcliffe-on-Soar, pa 30 September 2024, ndipo maso atembenukira ku milu yakale ya phulusa limene linatayidwa. Mchenga nawo wayamba kudetsa nkhawa. Nthambi ya United Nations yoona za chilengedwe inanena mu 2022 kuti dziko lapansi limagwiritsa ntchito mchenga ndi miyala yokwana matani 50 biliyoni pachaka, ndipo mitsinje yambiri yaonongeka magombe chifukwa cha kukumba.

Choncho ofufuza abwerera ku chizolowezi chakale chotola chapafupi. Ku Malaysia ayesa phulusa la zotsala za kanjedza wa mafuta. Ku India ndi ku Brazil ayesa phulusa la nzimbe zofinyidwa. Ena ayesa fumbi la pa kwale, magalasi opera, njerwa zakale zosinja, utuchi ndi timibulu ta pulasitiki wopepuka. Chodziwika bwino mwa zonsezi ndi phulusa la mankhusu a mpunga, limene P. K. Mehta wa ku Berkeley analifufuza m'ma 1970. Mankhusu ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a kulemera kwa mpunga wosapuntha, ndipo phulusa lake nthawi zambiri limakhala ndi silika woposa magawo 85 pa 100. Koma mphamvu yake imadalira kaotchedwe. Likapsa pa moto wosapitirira madigiri 700 ndi mpweya wokwanira, kenako n'kuperedwa, limagwirizana ndi simenti. Likapsa ndi moto woopsa, silika wake amauma mtima n'kukhala ngati mchenga wamba. Likapsa mosakwanira pa mulu wofuka utsi, limatuluka lakuda, lodzaza makala amene amapha thovu. Utuchi nawo uli ndi shuga wa mtengo amene amachedwetsa simenti kugwira.

Nkhaniyi ikutikhudza kuno kwathu. Kuyambira 2018 malamulo a ku Malawi amaletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zamalonda pofuna kupulumutsa mitengo, ndipo mabuloko a simenti amene alowa m'malo mwake amadya mchenga wa m'mitsinje ndi fumbi la kwale. Pa zigayo za mpunga ku Karonga, Nkhotakota ndi kufupi ndi Nyanja ya Chilwa pamaunjikana mankhusu. Ku Nchalo ndi Dwangwa zotsala za nzimbe zimasonkhezera moto wa fakitale n'kusiya phulusa. Ku Maamba m'dziko la Zambia kuli phulusa la malasha la malo opangira magetsi. Zodzazira tili nazo, ndipo buloko lopepuka, losunga kuzizira m'nyumba nthawi ya chilimwe, lingathandize kwambiri banja limene mtengo wa simenti ndi wa galimoto yotuta walilepheretsa kumanga.

Ndimakhulupirira kuti njira imeneyi ndi yoyenera kuitsata, ndipo ndikufuna kuti tiitsate mwa dongosolo la amene anapambana. Aroma anayesa phulusa lawo pa madoko asanafike nalo padenga. A ku Netherlands ndi Britain anayamba ndi maenje ndi ngalande, kumene cholakwa sichipha munthu. Kearsley ndi anzake anadikira miyezi kuti aone mphamvu yeniyeni ya zimene anaumba. Ifenso tiyambe ndi makoma osasenza katundu, zodzazira pansi ndi zotchinga kutentha padenga. Phulusa lililonse lipite ku labotale ya yunivesite kapena ya bungwe loona za miyezo, liyezedwe makala otsalira, mchere, sulufule ndi cheza choopsa, ndipo mabuloko ake ayezedwe kufota ndi kumwa madzi patadutsa nyengo ya mvula ndi ya dzuwa. Zotsatira zake zilembedwe m'chilankhulo chimene woumba mabuloko wa ku Mchesi kapena Ndirande angawerenge. Kuyeza kumadya ndalama ndi nthawi, koma mtengo wake umalipiridwa kamodzi, pomwe khoma lomangidwa ndi chodzazira choipa limalipiritsa ana ndi zidzukulu za amene analimanga.